Mmene mungagwirire zizindikiro mu Gatsby, Citizen Kane ndi nkhani zina za American Dream osaloweza notsi

Anthu ambiri akapatsidwa The Great Gatsby kapena akauzidwa kuti aonere Citizen Kane amathamangira pa intaneti kukasaka ndandanda wa matanthauzo, mtundu wobiriwira ndi ndalama, woyera ndi kusalakwa, phulusa ndi imfa, akaloweza basi amati zatheka. Zimenezo zitha kukupatsani timamalikisi tiwiri titatu koma mukakumana ndi munthu woti bukulo analiwerengadi mugwa nazo pa funso loyamba lomwe, chifukwa olemba nkhanizi sabisa matanthauzo m'mitundu ayi. Amatenga chinthu wamba, nyale, galimoto, paketi ya mbewu, kachomera ka mumphika, n'kumachibweretsa mobwerezabwereza, ndipo ulendo uliwonse chikabwera chimakhala chasinthako penapake. Nde ntchito yanu ndi kuchilondola chinthucho kuyambira pomwe chaonekera koyamba mpaka pomwe chathera.

Yambani ndi kudziwa loto likunenedwalo komanso chaka chomwe nkhani yanu ikuchitika, apa musathere tsiku lonse, mphindi 20 zakwana. American Dream ndi chikhulupiriro choti ku America munthu aliyense, olo abadwire mu umphawi wa mtundu wanji, akalimbikira atha kutukuka n'kukhala ndi nyumba yake, malo ake, ulemu wake. Mizu yake ili mu chikalata cholengeza ufulu wa dzikolo cha 1776 chomwe chimati anthu onse analengedwa ofanana, chonsecho Thomas Jefferson amene anachilemba anali ndi akapolo pa munda wake ku Virginia, nde mng'alu unalipo kuyambira pachiyambi pomwe. Kenako kunabwera timabuku ta Horatio Alger monga Ragged Dick ya 1868, kamnyamata kopolisha nsapato m'misewu ya New York kamene kamatukuka chifukwa cha khama, kukhulupirika ndi mwayi wokumana ndi bwana wachifundo. Amene anatchukitsa dzina loti American Dream ndi James Truslow Adams mu buku lake la 1931, The Epic of America, apo n'kuti F. Scott Fitzgerald atatulutsa kale Gatsby mu 1925.

Chaka n'chofunika chifukwa lotoli limasintha nkhope. Gatsby ikuchitika nyengo yotentha ya 1922, mowa unali woletsedwa dziko lonse kuyambira 1920 mpaka 1933 ndipo ogulitsa mobisa ankalemera koopsa. Mabuku a John Steinbeck, Of Mice and Men ya 1937 ndi The Grapes of Wrath ya 1939, ndi a nthawi ya mavuto msika wa masheya utagwa mu 1929, fumbi litakwirira minda ku Oklahoma, anthu ali pamsewu kusaka maganyu. Death of a Salesman ya Arthur Miller ndi ya 1949, nkhondo yatha, aliyense akutenga filiji ndi galimoto pa ngongole. A Raisin in the Sun ya Lorraine Hansberry ndi ya 1959, banja la anthu akuda ku Chicago nthawi yomwe madera ambiri ankakana kugulitsa nyumba kwa munthu wakuda.

Mukatero werengani nkhaniyo kamodzi mongosangalala nayo, osasaka kanthu. Gatsby ndi kabuku kakafupi, machaputala 9 okha, ndipo kuyambira pa 1 January 2021 umwini wake unatha ku America nde mutha kuipeza yaulere pa Project Gutenberg. Ulendo wachiwiri ndi pomwe mutenge cholembera ndi kope. Chinthu chilichonse chogwirika kapena chooneka ndi maso chimene chabwera kawiri, kapena chimene wolemba wachedwapo kuposa mmene nkhani imafunira, lembani dzina lake ndi chaputala. Tanthauzo musalembe kaye, lidikire. Ndandanda ukhala wautali ndipo zambiri mudzazitaya, palibe vuto.

Pa ndandandapo sakani chinthu chimene mwini nkhani wasungamo loto lake. Kwa Gatsby ndi nyale yobiriwira yoyaka usiku pa doko la nyumba ya Daisy, mkazi amene amamukonda, tsidya lina la madzi. Kwa George ndi Lennie a mu Of Mice and Men ndi kamunda kawokawo komwe Lennie azikaweta akalulu. Kwa Willy Loman wa mu Death of a Salesman ndi mbewu zomwe akufuna kudzala kuseri kwa nyumba pomwe nyumba zosanja zatchinga dzuwa mbali zonse. Kwa mayi Lena Younger a mu A Raisin in the Sun ndi kachomera kofooka komwe amakaika pa windo la kukhitchini m'nyumba yawo ya lendi. Kwa banja la Joad la mu The Grapes of Wrath ndi kapepala kolengeza kuti ku California kukufunika anthu 800 othyola zokolola. Amene munaphunzira The Pearl ku sekondale zimenezi si zachilendo, Kino uja amayang'ana mu ngale n'kumaonamo ukwati wa kutchalitchi, mfuti, Coyotito ali pasukulu, ndi Steinbeck yemweyo kungoti nkhani ija ikuchitikira ku Mexico.

Tsopano apa ndiye pali ntchito yeniyeni, musafulumire. Tengani chinthu chimodzi, pezani malo onse omwe chaoneka, pa malo aliwonse lembani mizere iwiri: chikuoneka bwanji, ndipo munthuyo ali pati ndi loto lake panthawiyo. Tiyeni tichitire limodzi ndi nyale ija.

Kumapeto kwa chaputala 1 Nick Carraway, amene akutifotokozera nkhaniyi, wabwerako kokadya kwa Tom ndi Daisy Buchanan, akuona neba wake Gatsby ataima yekha pa kapinga usiku, watambasula manja kuloza kumadzi, akuoneka ngati akunjenjemera. Nick kuyang'ana komweko sakuonako kanthu koma kanyale kamodzi kobiriwira, kakang'ono, kutali. Sakudziwa kuti ndi ka ndani, ifenso sitikudziwa. Mu chaputala 4 ndi momwe Jordan Baker, mnzake wa Daisy, akuulula kuti Gatsby anagula chinyumba chija ku West Egg, dera la pa chilumba cha Long Island pafupi ndi New York, dala kuti Daisy azikhala tsidya linalo, anakondana ku Louisville mu 1917 iye ali msilikali wopanda kanthu m'thumba, anapita kunkhondo, Daisy n'kukwatiwa ndi Tom wa ku banja la ndalama. Mu chaputala 5 akumana patatha zaka pafupifupi 5, kunja kuli mvula, Gatsby akumuonetsa Daisy nyumba yonse kenako akumuuza kuti pakanapanda nkhungu bwenzi akuona kwawo, kuti pa doko lawo pamayaka nyale yobiriwira usiku wonse. Taonani bwino apa. Daisy ali pambali pake, wamukoloweka mkono, nyale ija sikuoneka, ndipo Nick akuona kuti munthuyu wangoti zii, ngati wazindikira kuti nyale ija yabwerera kukhala nyale wamba ya pa doko. Wachipeza chomwe amafuna ndipo pompo chachepa. Nde pa tsamba lomaliza, Gatsby atamwalira, Nick wagona pamchenga akuganiza za amalinyero achi Dutch omwe anaona chilumbachi koyamba chili chobiriwira mitengo isanagwetsedwe, n'kulumikiza kubiriwira kumeneko ndi nyale ija, n'kunena kuti loto lomwe Gatsby ankaliona kutsogolo linali litatsala kale kumbuyo kwake.

Mwaona eti? Poyamba ndi chinthu chakutali chokoka mtima, pakati ndi babu wamba, kumapeto ndi America yonse ndi chizolowezi chake chothamangira kutsogolo pofuna kubweza zakale. Amene analoweza zoti kubiriwira ndi ndalama waphonya chaputala 5 yonse, pomwe mpamene pagona nkhani.

Galimoto yake ichiteninso chimodzimodzi, ine ndimaikonda kuposa nyale chifukwa iyo imapha anthu zenizeni. Mu chaputala 4 Nick akuikwera, chigalimoto chachitali cha mtundu wa kirimu, mipando yachikopa chobiriwira, wapolisi wa pa njinga yamoto akuwaimitsa, Gatsby kungomuonetsa kakhadi koyera wapolisi uja n'kupepesa. Mu chaputala 7 Tom akuinyoza koma akuiyendetsa yekha popita ku New York, akuima pa galaja ya George Wilson kuthira mafuta, Myrtle mkazi wa Wilson, yemwe ndi chibwenzi cha Tom, akusuzumira pa windo la m'mwamba n'kuiona. Pobwerera madzulo pa chiwongolero pali Daisy, Myrtle akuthamangira pamsewu poganiza kuti muli Tom, ikumugunda osaima. Mawa lake Wilson akuyenda wapansi kusaka mwini galimoto ija, yomwe anthu akuitcha yachikasu, Tom akumulozera, Gatsby akuwomberedwa ali mu swimming pool yake. Anaigula kuti anthu azimuona, anamuonadi.

Funso lotsatira pa chizindikiro chilichonse ndi loti ndani akuchiyang'ana, ndani akunena tanthauzo lake. Apa ambiri amagwa ndi maso a Doctor T. J. Eckleburg. Ndi chikwangwani chakale chotsatsa malonda a dokotala wa maso, maso awiri akuluakulu abuluu atavala mandala achikasu, opanda nkhope, penti itasuluka, chaima m'mbali mwa msewu pafupi ndi galaja ya Wilson. Notsi zambiri zimangoti maso amenewa ndi Mulungu. Koma bwererani ku chaputala 8 muone amene akunena zimenezo. Ndi Wilson, m'bandakucha mkazi wake atangofa, mutu utasokonekera, akuyang'ana chikwangwanicho pa windo n'kumati Mulungu amaona zonse, neba wake Michaelis n'kumuyankha kuti chimenecho ndi chotsatsa malonda chabe. Nde inu musalembe kuti masowo ndi Mulungu, lembani kuti m'dera limeneli munthu wosweka mtima akakweza maso kufuna Mulungu chomwe akupeza ndi chikwangwani cha bizinesi chomwe mwini wake anachiiwala kalekale. Mfundo yachiwiriyi mutha kuiteteza ndi tsamba la buku, yoyambayo simungathe. Nick yemweyonso musamukhulupirire zonse, Gatsby amamukondera ndipo amadzitama yekha kuti ndi woona mtima.

Zina zimaoneka kamodzi kokha koma wolemba wachedwapo dala, izonso zitoleni. Mu chaputala 3 pa phwando, bambo wina woledzera wa mandala aakulu ali mu laibulale ya Gatsby akudabwa kuti mabuku onsewa ndi enieni, iye amayesa ndi makatoni. Koma akuonanso kuti masamba sanadulidwe, nthawi imeneyo mabuku ena ankabwera masamba ali ogwirana m'mphepete, kuti uwerenge umayenera kuwadula kaye ndi kampeni. Zili ngati mbale zija za m'kabati ya pabalaza zomwe munakula mukuziona koma simunadyerepo. Mu chaputala 5 mulinso wotchi yakufa m'nyumba ya Nick yomwe Gatsby akuitsamira ndi mutu mpaka kutsala pang'ono kugwa, akuiwakha zala zikunjenjemera, munthu yemweyo amene mu chaputala 6 aumirire kuti zakale zimatheka kuzibwereza.

Mukathana ndi olotawo tembenukani musake omwe akulipira lotolo, nkhani iliyonse yabwino ya mtundu uwu ili ndi kuseri kwake. Mu Gatsby ndi chigwa cha phulusa pakati pa West Egg ndi New York komwe sitima ndi magalimoto a olemera amangodutsa, ndipo si malo opeka kwenikweni, ku Queens kunalidi mtaya waukulu wa phulusa la malasha ku Corona womwe pambuyo pake anausalaza n'kuchitirapo chionetsero cha World's Fair cha 1939. Wilson amakhala mmenemo, ndi wakhama monga mmene Alger ankafunira, koma akungodikira kuti Tom amugulitse galimoto yakale apezepo kangachepe. Mu Of Mice and Men ndi Crooks, wakuda yekhayo pa famu, wogona yekha m'kachipinda kosungira zingwe za akavalo chifukwa kogona anzake samulola, yemwe akuuza Lennie kuti waona amuna mazanamazana ali ndi kamunda m'mutu ndipo palibe anakapeza, kenako naye akukopeka n'kupempha kuti adzalimeko nawo, mpaka mkazi wa Curley, mwana wa bwana wa famuyo, atamuopseza kuti atha kumupachikitsa pamtengo, pasanathe nthawi akubweza pempho lija. Mu The Grapes of Wrath kapepala kaja akukamasulira ndi bambo wina wamasanza wobwerera kuchokera ku California: bwana akafuna anthu 800 amasindikiza timapepala 5,000, anthu amakhamukira, malipiro n'kutsika. Ndipo mu Death of a Salesman muli Ben, mkulu wake wa Willy, amene amangobwereza kuti analowa m'nkhalango ku Africa ali ndi zaka 17 n'kutuluka ali ndi 21 atalemera, akuti ndi migodi ya diamondi. Seweroli silitionetsa olo munthu mmodzi amene anakumba miyalayo. Ife amene agogo athu ankapita kumigodi ndi Wenela sitingadutse pamenepo osafunsa, ndipo funso limenelo ndi lololedwa, lilembeni.

Lembaninso ziwerengero za ndalama, olemba awa amazitchula ndendende ndipo si mwangozi. Kamunda ka George ndi Lennie ndi ka madola 600, iwo awiri ali ndi 10, nkhalamba Candy, wantchito mnzawo, ikulonjeza kuikapo 350 yomwe 250 mwa iyo anapatsidwa dzanja lake litaduka pa ntchito, malipiro a awiriwo ndi 50 pamwezi aliyense, akuwerengetsa kuti mwezi ukatha afika 450 ndipo eni ake atha kulola. Apa mtima umawawa, chifukwa kanthano komwe George amangomuimbira Lennie kuti akhale phee kasanduka masamu otheka, kwatsala mwezi umodzi. A Younger akudikira cheke cha inshuwalansi cha madola 10,000 cha bambo awo omwe anamwalira, mayi akupereka dipoziti ya 3,500 pa nyumba ku Clybourne Park, dera la azungu okhaokha, 6,500 yotsala akumupatsa mwana wawo Walter kuti 3,000 asungire sukulu ya udokotala ya mlongo wake Beneatha, iye akuipereka yonse kwa mnzake wa dilu ya shopu ya mowa, mnzakeyo n'kuliyatsa liwiro nayo. Willy amabwereka madola 50 sabata iliyonse kwa neba wake Charley n'kumanamizira kwa mkazi wake kuti ndi malipiro, filiji ikuwonongeka ngongole yake isanathe, ndipo akuwerengetsa kuti ndi inshuwalansi yake ya 20,000 ali ndi phindu atafa kuposa ali moyo. M'nkhani zitatu zonsezi ndalama yogulira loto ikuchokera m'thupi la munthu, dzanja loduka, bambo womwalira, bambo wodzipha. Mfundo ngati imeneyo imatuluka mukaika manambala pamodzi.

Kenako werengani anthu pamaliro. Sitepe iyi ife tili nayo mwayi, chifukwa kwathu kuno maliro opanda anthu palibe angachite kutiuza kuopsa kwake. Kwa Gatsby kumabwera anthu mazana kudzamwa ndi kuvina, ambiri osaitanidwa, koma tsiku loika kuli Nick, bambo ake Henry Gatz ochokera ku Minnesota, m'busa, antchito ochepa, wapositi, ndi bambo wa mandala wa mu laibulale uja amene akufika mochedwa kumanda mvula ikugwa. Daisy sanatumize uthenga olo duwa. Wolfsheim, mnzake wa madilu, wakana kubwera. Wina akuimba foni osati kudzapepesa koma kufunsa nsapato zake za tenesi zomwe anaiwala. Bambo aja akuonetsa Nick kabuku kakale momwe mwana wawo, nthawi imeneyo ali James Gatz, analembamo ndandanda wa tsiku mu 1906, kudzuka 6 koloko, kulimbitsa thupi, kuphunzira za magetsi, kusunga madola 3 pa sabata atafufuta 5, Horatio Alger weniweni ameneyo, ali m'manja mwa bambo wofedwa. Willy Loman naye moyo wake wonse amasirira maliro a Dave Singleman, wogulitsa malonda amene ankagwirabe ntchito ali ndi zaka 84 ndipo atafa kunabwera anthu mazana, koma pa ake pali banja lake, Charley ndi mwana wake Bernard basi, mkazi wa Willy, Linda, akuuza manda kuti lero lomwe wamaliza ngongole ya nyumba.

Ku mafilimu njira ndi yomweyo kungoti muziyang'ana zomwe kamera ikuchita. Onerani kamodzi bwinobwino, kachiwiri muzizimitsa mawu pa zigawo zina n'kumaimitsa chithunzi, muzifunsa kuti ndani ali pafupi ndi kamera, ndani ali kutali, pakati pawo pali chani. Citizen Kane ya Orson Welles ya 1941 ndiye poyambira pabwino, ilibe mitundu inde, pirirani mphindi zoyambirira muzolowera. Charles Foster Kane, mwini manyuzipepala wolemera kwabasi, akufa m'chinyumba chake cha Xanadu ku Florida, mawu omaliza ndi Rosebud, m'manja muli kampira kagalasi kokhala ndi kanyumba ndi chipale chofewa mkati kamene kakugwa n'kusweka. Mtolankhani Thompson akuzungulira kufunsa omwe ankamudziwa kuti Rosebud ndi ndani, yankho osalipeza. Ife oonera tokha ndi amene tikuona pamapeto antchito akuponya zinthu zachabechabe m'ng'anjo, mwa izo kathabwa kotsetserekera pa chipale komwe ankasewera nako ali mwana ku Colorado, dzina lija litalembedwapo. Filimu ya zaka zoposa 80 sindipepesa kuti ndaulula.

Koma musathere pa kathabwako. Bwererani ku chigawo chomwe mayi ake akusaina mapepala omupereka kwa Thatcher wa kubanki kuti akamulere, chifukwa mgodi womwe mayiwo anasiyiridwa wapezeka ndi chuma chambiri. Imitsani chithunzi. Kutsogolo kuli mayi, Thatcher ndi mapepala, chakumbali bambo ake akudandaula opanda womumvera, ndipo kutali kwambiri mkati mwa kawindo mwana akusewera panja osadziwa kanthu, onse akuoneka bwinobwino nthawi imodzi, luso la wojambula Gregg Toland. Mwanayo watsekeredwa kale m'kabokosi ndi chipale chake, kampira kagalasi kaja mwakamvetsa tsopano. Onaninso chigawo cha chakudya cham'mawa ndi mkazi wake woyamba Emily, zaka zambiri za banja m'timphindi tochepa, poyamba akhala moyandikana akunyengererana, pomaliza ali mbali ziwiri za tebulo lalitali osayankhulana, mkaziyo akuwerenga nyuzipepala ya opikisana ndi mwamuna wake.

The Godfather ya Francis Ford Coppola ya 1972 ikuyamba ndi Bonasera akunena kuti amakhulupirira America, koma akunenera m'chipinda chamdima kwa Vito Corleone, mkulu wa zigawenga, chifukwa anyamata omwe anavulaza mwana wake wamkazi anatuluka kukhoti tsiku lomwelo. Pomwe Paulie, dalaivala wa Vito, akuphedwa m'galimoto pakati pa bango yang'anani kumtunda kwa chithunzi, Statue of Liberty ikuoneka kutali itatifulatira. Mu gawo lachiwiri la 1974 chipilala chomwecho akuchiona Vito ali kamwana mu 1901, kudzera pa windo la chipinda chomwe amutsekeramo ku Ellis Island, pofikira anthu olowa mu America, chifukwa cha nthomba.

Ngati buku lili ndi filimu yake musaonere filimu m'malo mwa buku, aphunzitsi amagwira msanga. Ziikeni moyandikana musake chomwe chachotsedwa. Gatsby ya Baz Luhrmann ya 2013, ya Leonardo DiCaprio ija, ikumuika Nick m'chipatala akulemba nkhaniyi zomwe m'buku mulibe, nyale yobiriwira ikuonetsedwa kambirimbiri mpaka imatopetsa, ndipo bambo ake a Gatsby ndi kabuku kaja mulibemo, kwa ine apa anaphonya kwambiri chifukwa achotsa mwana wa mlimi amene ankadzuka 6 koloko. The Grapes of Wrath ya John Ford ya 1940 inasintha dongosolo, kampu yabwino ya boma anaiika chakumapeto ndipo ikuthera pa mawu olimbikitsa a Ma Joad ali m'lole, pomwe buku likuthera m'shedi madzi atasefukira, mwana wawo wamkazi Rose of Sharon atabereka mwana wakufa akuyamwitsa bambo wachilendo amene akufa ndi njala. Funsani kuti osinthawo amaopa chani, yankho lake ndi ndime yathunthu.

Musanalembe, liyeseni tanthauzo lanu. Libwezeni pa malo onse omwe chinthucho chinaoneka, likakana pa malo amodzi ndiye kuti ndi loperewera, likonzeni, malo okanawo musawabise. Kenako yerekezani kuti chinthucho chachotsedwa m'nkhani, ngati palibe chagwa mwina ndi chokongoletsa chabe. Malalanje a mu The Godfather anthu amawakonda pa intaneti, akuti akaoneka ndiye kuti wina afa, ndipo n'zoona Vito akuwomberedwa akugula zipatso, koma ine ndimaona kuti ndi kamasewera kobisalirana basi, sikakuuzani kanthu za Michael mwana wa Vito olo za America, chitseko chomwe chikutsekedwa pamaso pa Kay, mkazi wa Michael, pamapeto chimanena zambiri kuposa malalanje onse pamodzi. Galu wokalamba wa Candy amene Carlson, wantchito wina wa pa famupo, akumuwombera kunkhongo ndiye simungamuchotse, mfuti yomweyo ndi yomwe George akuiloza kunkhongo kwa Lennie atamuuza kuti ayang'ane tsidya la mtsinje aone kamunda kaja.

Polemba, kaya ndi esei ya kukoleji kaya ndi positi ya pa Facebook, ndime iliyonse itenge chinthu chimodzi. Tchulani chinthucho, nenani pomwe chaoneka ndi chaputala kapena chigawo chake, onetsani mmene chasinthira, kenako mzere umodzi wa zomwe kusinthako kukunena za lotolo. Mawu akuluakulu ngati chiyembekezo, umbombo, chinyengo abwere kumapeto kwa ndime osati koyamba. Za kachomera ka mayi Younger mutha kuyala motere: m'gawo loyamba mayi akangodzuka akukatenga pa windo n'kudandaula kuti sikakupeza dzuwa lokwanira, chimodzimodzi ana awo m'nyumba yothinayi, tsiku losamuka Beneatha akuwaseka kuti akutengeranji kachinthu konyasako ku nyumba yatsopano, iwo akuti kamanena za iwo, banja likuwapatsa mphatso ya zipangizo za m'dimba, ndalama itabedwa akukabwezera pa windo, ndiye kuti agonja, Walter atakana ndalama ya Karl Lindner, yemwe anatumidwa ndi azungu a ku Clybourne Park kuti awagule asasamukireko, mayi akutuluka komaliza, akubwerera, akukanyamula. Apo ndiye mutha kunena kuti akalulu a Lennie ndi a m'mutu, mbewu za Willy akudzala usiku pamalo opanda dzuwa, koma kachomera aka ndi kamoyo, kofuna madzi tsiku ndi tsiku, ndipo mwini wake akutuluka nako pakhomo olo kuti komwe akupitako aneba sakuwafuna. Mukalemba ndime zitatu kapena zinayi za mtundu umenewu, mawu oyamba a nkhani yanu muwalembe pomaliza, mutaona pomwe ndimezo zagwirizana.